Tsamba Lachinayi

Makina a fotokope anatsamwa Lolemba m'mawa, mzere wa ophunzira utafika mpaka pakhonde. Amakope anawamenya kambama pambali monga mwa masiku onse, anatsegula kachitseko ka m'mimba mwake, n'kuyamba kusolola mapepala otentha limodzilimodzi. Dzina limeneli anawapatsa ndi ana a pakoleji, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi anali m'kashopu komweko, moyang'anizana ndi geti, kuchulukitsa manotsi, masatifiketi ndi makalata ofunsira ntchito a anthu ena. Dzina lawo lenileni ankachita kulikumbukira akapita kuchipatala.

"Anti, chonde, kalasi ikuyamba," anadandaula mtsikana wa magalasi, mwini mapepala amene anatsamwitsa makinawo.

"Mbali ziwiri lero sizitheka, mwanawe. Kutsogolo akusindikiza bwino, koma potembenuza akutafuna. Wokonza abwera Lachisanu."

Mtsikanayo anatola manotsi ake n'kuthamangira kugeti. M'manja mwa Amakope munatsala mapepala awiri okwinyika, tsamba loyamba ndi lachitatu, kuseri kwake koyera mbee. Mapepala otere malo ake anali m'katoni yaikulu ya pansi pa kauntala, imene bambo wotola mapepala ankadzanyamula Loweruka lililonse. Koma ali pafupi kuwaponya, maso awo anakumana ndi chithunzi cha nkhalamba ya ndevu, ndudu yaikulu ili kuzala, ikuyang'ana ngati ikudziwa zimene unachita dzulo. Pamwamba pake panali mutu wakuti, mmene khalidwe la munthu limakulira.

Nthawi ya nkhomaliro Amakope sanadye. Anawerenga ataimirira, chala chikutsata mzere, Chingerezi chawo cha kusekondale chikudzuka ngati mwendo wochita dzanzi. A Ndevu, pakuti ndi mmene anawatchulira pomwepo, ankati m'kati mwa munthu aliyense mumakhala anthu atatu: wina wofuna zinthu pompano, wina wodzudzula ndi mawu a makolo, ndi wachitatu wovutika kuyanjanitsa awiriwo. Ankatinso mwana amakwera masitepe, yoyamba ya pakamwa, yachiwiri ya kuchimbudzi, n'kumapita choncho, ndipo sitepe imene anapunthwapo amaisenza mpaka imvi. Mtima wa Amakope unagunda. Zaka zonsezi ankangoti anthu ndi ovuta, osadziwa kuti kuvutako kuli ndi manotsi ake.

Anatuluka ndi pepala m'manja. Pakhonde loyandikana panali tebulo la a Zidindo, bambo wosema zidindo za labala, amene sankaoneka opanda kamtengo ka machesi pakamwa.

"A Zidindo! Ndakugwirani lero! Mayi anu anakuletsani kuyamwa msanga."

A Zidindo anatsitsa kampeni kawo pang'onopang'ono. "Mwaswera bwanji kaye, mayi."

"Ndaswera, ndaswera. Taonani apa. Munthu wongotafuna zinthu ndiye kuti anapunthwa pa sitepe ya pakamwa."

"Inetu ndinayamwa mpaka ndikutha kuitana bere ndi dzina."

"Ndiye munapyola muyeso! Alemba apa, kuchepa n'koipa, kuchuluka n'koipanso."

"Akuluakulu a ndevuwa ndi ochenjera," anatero a Zidindo. "Atchera msampha uku ndi uku."

"Nanga bambo a kunyumba! Munthu wondandalika nsapato motsata msinkhu, wokwiya ukasuntha chipeso chake! Ameneyo ndi wa sitepe yachiwiri, osafunsa. Ndikawafunse apongozi mmene ankamukhazikira pa kapoto."

"Mukafunse, koma mukayambe mwalongedza katundu."

Amakope anaseka mpaka misozi. Anali asanasangalale choncho chichokereni pasukulu. Anabwerera m'shopu kukamaliza tsamba lachitatu, akuwerengera kale anthu ena oti awagwire, mpaka anafika pa mzere womaliza. Mzerewo unkati mwana akamakwanitsa zaka zisanu, maziko a khalidwe lake amakhala ataikidwa kale, zotsatira zonse n'kungomanga pamwamba pake. Panali mpumiro, nkhani yatha. Za tsamba lachinayi sanadandaule nazo, chifukwa zaka khumi ndi zinayi zinawaphunzitsa kuti tsamba lomaliza la manotsi limakhala la mafunso ndi mndandanda wa mabuku basi.

Anawerama n'kusuzumira pansi pa kauntala. Mwana wawo wamkazi anali pamalo pake, pambali pa katoni, chala chachikulu chili m'kamwa, dzanja linalo likujambula kuseri kwa makope owonongeka. Ankamutcha Kankhono, chifukwa mlendo akangomuyang'ana ankabweza mutu m'mapewa osatulukanso. Kunyumba ankaimba posamba mpaka oyandikana nawo kumva, koma pagulu ngakhale moni sankayankha. Loweruka lomwelo ankakwanitsa zaka zisanu.

Amakope anawerenga zala. Anatsala ndi masiku anayi ndi theka.

Mantha amenewa ankawadziwa bwino, pakuti anali awo omwe. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anaitanidwa kunyumba ya wailesi kukayesedwa ntchito youlutsa mawu, atakhoza bwino kuposa anzawo onse. Anawakhazika kutsogolo kwa maikolofoni, kanyali kofiira kanayaka, ndipo lilime linakakamira kunkhama. Mawu onse anali m'mutu, koma sanatuluke. Anatuluka osatsanzika, ndipo mapeto ake ntchito yawo inakhala yochulukitsa mawu a anthu ena. Tsopano anadziwa kuti zinayambira kwa azakhali amene anawalera, omwe ankakonda kunena kuti mwana wabwino samveka. Kwa iwo zinali zitachedwa ndi zaka makumi atatu. Koma kwa Kankhono chitseko chinali chisanatsekedwe, ndipo Amakope anamva mphamvu zikukwera m'thupi monse. M'mera mpoyamba. Anatenga pepala loyera, analemba masiku, n'kulimata pakhoma.

Lachiwiri anamutulutsa pansi pa kauntala n'kumukhazika pa kampando kutsogolo, kuti kasitomala aliyense azilandira makope kuchokera m'manja mwake. Chala cha m'kamwa chija anachikulunga ndi selotepi. Kankhono ankapereka mapepala maso ali pansi, koma ankapereka.

Lachitatu kunachitika chodabwitsa. Mphunzitsi wina wa pakoleji atalandira makope ake anati, "Zikomo, abwana aang'ono," ndipo kuchokera pa kampando panamveka kamawu kochepa ngati ka udzudzu.

"Zikomo."

Amakope anakuwa mpaka mlonda wa pageti anadzasuzumira. Anamunyamula mwanayo, anazungulira naye m'kashopumo, chigongono n'kugwetsa bokosi la mapini. Kenaka anathamangira kwa a Zidindo kukabwereka chidindo china chimene mwini wake sanabwere kudzatenga. Anachinyika mu inki yabuluu, anadinda pakhoma pa tsiku la Lachitatu, n'kudindanso kuseri kwa dzanja la Kankhono: ZAVOMEREZEKA.

"Akuti chiyani, amayi?"

"Akuti uli bwino! Akuti wakhoza!"

Madzulo ake Kankhono anasamba dzanja limodzi lili m'mwamba kuti madzi asalikhudze.

Lachinayi anamutuma kwa a Zidindo kukanena kuti akufuna kubwereka lumo. Amakope ankaonerera pazenera, akuluma milomo. Mwanayo anaima pafupi ndi tebulo, akuyang'ana nsapato zake. A Zidindo sanamufunse kanthu, anangopitiriza kusema. Panadutsa nthawi yokwanira kusindikiza makope zana, kenaka Amakope anaona kamutu kakudzuka ndi milomo ikugwedera. Koma anabwerako wopanda lumo.

"Wanena chiyani?" anafunsa Amakope atapita okha kwa a Zidindo.

"Wandifunsa chifukwa chake ndimalemba zilembo chotembenuza," anayankha a Zidindo. "Funso labwino. Anthu akuluakulu sanandifunsepo."

"Koma ndinamutuma lumo."

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kudekha n'kwa anthu amene ali ndi chaka chathunthu, achimwene. Ine ndatsala ndi mawa lokha."

Lachisanu wokonza makina anabwera m'mamawa, ndipo pofika masana shopu inadzaza ndi ophunzira onse amene anabwezedwa sabata imeneyo. Amakope anaona khamulo n'kuganiza kuti mwayi sungapose apa. Akangoimba kamodzi pamaso pa anthu, mantha athyoka khosi, ndipo Loweruka limupeza ali munthu wina. Anamukweza pa kampando choimirira, anamukonza kolala, n'kuwomba m'manja.

"Tamverani, ana anga! Mwana wangayu akuimbirani nyimbo. Imba ija ya posamba, Kankhono, ija ya bakha."

Ophunzira anasekerera. Ena anatulutsa mafoni. "Imba, Kankhono! Tiye nazo!"

Mwanayo anatsegula pakamwa. Chifuwa chinakwera, chinatsika. Maso anayenda pa nkhope zonsezo kufunafuna pothawira, kenaka anaima pa mayi ake. Palibe chinatuluka. Amakope anaonanso kanyali kofiira kaja ngati kayaka dzulo. Wina kumbuyo anati, "Musiyeni, anti, ndi wamanyazi." Amakope anamutsitsa, ndipo asanamusiye n'komwe mwanayo anapulumuka m'manja n'kulowa pansi pa kauntala.

Anthu atatha, Amakope anachotsa pepala la masiku pakhoma, analiphatikiza ndi masamba a a Ndevu n'kuponya zonse m'katoni. Anaima pakhomo, mapewa ali gwaa.

"Zakanika, achimwene," anauza a Zidindo. "Mawa ndi Loweruka, basi zatha. Kope ikatuluka yokhota yatuluka, siibwereranso m'makina. Malo ake ndi m'katoni."

A Zidindo anasuntha kamtengo ka machesi kuchoka mbali ina ya kamwa kupita ina, n'kuloza ndi maso kukauntala. Koma Amakope ankayang'ana kumsewu.

Loweruka m'mawa Kankhono anadzuka yekha, anavala diresi lake labwino ndi nsapato za kutchalitchi, n'kukoleka kachikwama kake kumsana. Mayi ake anangoti ndi chifukwa cha tsiku lake lobadwa, ndipo mtima unawawawa poona mwana akuvalira tsiku limene iwo ankaliopa. Atafika kushopu analowa pansi pa kauntala, ndipo ulendo uno sanamutulutse.

Kasitomala woyamba anali mtsikana wa magalasi uja.

"Anti, ndamva kuti makina achira. Manotsi aja ndikufuna makope makumi awiri, a gulu lathu. Mbali zonse ziwiri."

Amakope anaika mapepala, anadina batani, n'kuima manja ali m'chiuno. Kope yoyamba inatuluka yosalala, yofunda. Mwachizolowezi anaitembenuza kuti aone ngati inki yagwira kuseri. Pa tsamba lachinayi panalibe mafunso. Panalibe mndandanda wa mabuku. Panali nkhalamba ina, yopanda ndevu, tsitsi loyera, ikumwetulira, ndipo pansi pake panajambulidwa makwerero aatali.

"Awa ndiye ndani?"

"Amenewo anabwera pambuyo pa a ndevuwo. Anagwirizana nawo pa zina, koma anati munthu samalizika ali ndi zaka zisanu. Akuti masitepe alipo asanu ndi atatu."

"Angati?"

"Asanu ndi atatu, anti. Kuyambira kukhanda mpaka kuukalamba. Sitepe iliyonse ili ndi nkhondo yake, ndipo akuti ngakhale imene inakuvuta kale ukhoza kudzaikonza uli patsogolo."

Amakope anagwira kauntala. "Tanenanso, mwanawe. Pang'onopang'ono."

Mtsikanayo ananenanso, akuseka. Amakope anamulanda pepala n'kuyamba kukwera makwererowo ndi chala, akuwerenga mokweza. Zaka khumi ndi ziwiri zinalipo. Makumi awiri zinalipo. Makumi anayi, makumi asanu ndi limodzi, zonse zinalipo, aliyense ndi sitepe yake.

"Ndiye ine, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu?"

"Inu muli apa, yachisanu ndi chimodzi. Kutsogoloku kwatsala ziwiri zathunthu."

"Ziwiri! Mayo ine!" Anatulukira pakhonde pepala lili m'mwamba. "A Zidindo! Kuli tsamba lachinayi! Sitinathe, achimwene! Inunso ndi machesi anuwo simunathe! A Ndevu anangonena mbali yawo, kuseri kuli mnzawo akuwatsutsa!"

"Ndimadabwa," anatero a Zidindo. "Inu amene mumatembenuza mapepala tsiku lonse."

Amakope anaseka, anavina pang'ono pakhonde pomwepo osasamala za mlonda, n'kubwerera m'kati akupuma mwabefu. "Nanga wa zaka zisanu? Ali pati mwana wanga?"

Mtsikanayo anakankhira magalasi m'mwamba n'kuloza sitepe yachitatu. "Apa. Ndi nthawi imene mwana amayesa zinthu mwa iye yekha, kufunsa mafunso, kupeka timasewera. Akuti chachikulu n'kumupatsa mpata. Akamangomuonetsa kuti akulephera, amayamba kudziona ngati iyeyo ndiye cholakwika."

Kuseka kunawathera pakamwa Amakope.

Nthawi yomweyo panja panalira wilibala. Bambo wotola mapepala analowa ndi moni wake wa Loweruka lililonse, anazungulira kauntala monga anazolowera, anawerama n'kukoka katoni. Anaikoka kachiwiri.

"Mayi, lero mwaikamo njerwa?"

Amakope anagwada n'kutsegula zivindikiro za katoni. Kankhono anali m'katimo, atakhala pa mapepala owonongeka, mawondo ali pachibwano, nsapato za kutchalitchi zili kumapazi, kachikwama kali kumsana. Sankalira. Anali atangokhala mwaulemu, ngati munthu wodikira basi.

"Ukutani umu, mwanangu?"

"Ndikudikira abambo a mapepala."

"Kuti atani?"

"Munati yokhota malo ake ndi m'katoni." Anatulutsa dzanja n'kulitembenuza. Pa khungu panatsala kamthunzi kabuluu kosawerengeka. "Chidindo chafufutika, amayi. Sindinasambepo, chafufutika chokha."

Aka kanali koyamba kuti Kankhono alankhule mawu ambiri chotere pamaso pa alendo awiri, koma panalibe woti adinde pakhoma. Wotola mapepala anavula chipewa. Mtsikana wa magalasi anayang'ana kumbali. Amakope anamva manyazi ndi chisoni zikuwakwera limodzi mpaka m'makutu, ngati tsiku la kuwailesi lija.

Mwanayo anasolola pepala pansi pa mwendo wake. "Ichi n'chanu. Ndimafuna ndikusiyireni."

Linali tsamba lachitatu lija, la mzere wa zaka zisanu. Kuseri kwake, pamene panayenera kukhala tsamba lachinayi, panali chithunzi cha pensulo: bokosi lalikulu likulavula mapepala, mayi wa pakamwa potambasuka ataima pambali pake, ndipo pansi pa phazi la mayiyo kankhono kakang'ono, nyanga zake zili panja.

Amakope anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Ulendo uno mawu anatuluka, ngakhale anatuluka osweka.

"Bambo, katoni iyi sikupita. Lero, sabata yamawa, ngakhale liti."

"Ndamva, mayi," anatero bamboyo, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Anafuna kumunyamula mwanayo, kumufinya pachifuwa, kumufotokozera za masitepe asanu ndi atatu onse. Manja anafika m'mphepete mwa katoni, ndipo anaona mutu ukubwerera m'mapewa. Anawabweza manjawo. Anavula nsapato, anakwawira pansi pa kauntala, pamalo pamene zaka khumi ndi zinayi sanakhalepo, n'kukhala pansi msana utatsamira khoma. Kumeneko kunkanunkha inki ndi fumbi, ndipo dziko lonse linali miyendo ya anthu.

"Palibe akukutenga," anatero motsitsa mawu. "Sindiwe wokhota. Amayi ako ndi amene anawerenga mbali imodzi. Ukafuna kutuluka utuluka, ine ndili pompano."

M'katoni munali zii.

Pamwamba pawo makina ankapitiriza ntchito yawo, kumeza pepala, kulitembenuza, kulilavula. Mtsikana wa magalasi anasonkhanitsa makope ake yekha n'kutuluka monyang'ama. Kasitomala wina anafika pakhomo, ndipo Amakope anamva a Zidindo akumuuza kuti eni ake atuluka pang'ono. Makina anamaliza, anazizira. Mwendo wa Amakope unachita dzanzi, koma sanausunthe.

Patapita nthawi, m'katoni munamveka kutakataka kwa mapepala. Kenaka kamawu kochepetsetsa, kopita m'mphuno, kanayamba nyimbo ya bakha. Amakope anamva kukuwa kukukwera kuchokera m'mimba, manja akuyabwa kufuna kuwomba. Analuma chala chawo chachikulu n'kukhala chete.

Nyimbo inafika pakati n'kuima. Pamwamba pa katoni panatulukira tsitsi, kenaka chipumi, kenaka maso awiri, akuyang'ana ngati mayi akadalipo.